Mwera ukutizulira mbewu pa zitunda za mchenga ku Hout Bay, tithandizeni nzeru

Abale anga amene mumagwira ntchito za m'dimba kuno ku Cape Town, ndabwera kudzapempha nzeru. Ndimakhala ku Imizamo Yethu, ndipo Loweruka lililonse ndimapita kugombe la Hout Bay ndi anzanga ena odzipereka kukasamalira zitunda za mchenga zija. Zitundazi ndi zimene zimatchinga mafunde, ndipo zikakhala zopanda zomera mchenga umauluka n'kukwirira msewu ndi mipanda ya nyumba.

Vuto lathu ndi mphepo ya kummwera chakummawa, imene imalimba kuyambira Novembala mpaka Malichi. Tinabzala timitsitsi ta sour fig, chomera choyanga cha masamba onenepa chija, kuseri kwa maukonde otchinga mphepo. Patangotha masabata 2 ndinapeza mizu ili pamtunda, youma ngati udzu wofolera, ina itakwiririka. Mtima unandiwawa zedi, chifukwa tinagwada pamchenga wotentha tsiku lonse.

Kodi tidikire mvula ya mu Juni kuti tibzalenso, kapena pali njira yozithirira kuti zigwire ngakhale m'chilimwe? Nanga kelp (chomera chachikulu cha m'nyanja) wouma amene nyanja imalavula, alipo anayesapo kumuyala pamizu ngati mmene timaphimbira mbewu ndi mapesi kumudzi? Mcherewo suwotcha?

Chinanso, anthu ndi agalu awo amadutsa pomwe tabzala kufuna chidule, njira yoyalidwa matabwa ili pafupi pomwepo. Inu mumawalankhula bwanji osayambana nawo? Amene ali ndi mpata Loweruka m'mawa, bwerani mudzaone nokha, manja akutichepera.