Class 08 yathu ikugogoda pansi, ikutsimphina

Fita wa usiku:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Shanta yathu, sitima yosanja mabogi ya mtundu wa Class 08, yayamba kugogoda pansi kuyambira dzulo. Injini ilibe mlandu, sitima ikaima injini yake ya dizilo, 6KT, ikulira bwinobwino. Koma ikangoyamba kuyenda mukumva gu, gu, kamodzi nthawi iliyonse mawilo akazungulira, ndipo muli m'kabu mukuimva ikutsimphina ngati munthu wolasidwa minga. Adalaivala akuti kunagwa mvula, amakoka mabogi olemera, mawilo anaterereka. Ine ndikuganiza kuti mabushi, timphete ta m'mabowo a ndodo za m'mbali zolumikiza mawilo, atha. Ndiitanitse atsopano?

Wamagetsi:
Achimwene, mota zamagetsi zoyendetsa mawilo mwaziona? Zilipo ziwiri pansipo. Dzino la giya likathyoka nalonso limagogoda.

Fita wa usiku:
Ndinaganizako, koma sizikugwirizana. Mota imazungulira kambirimbiri wilo lisanamalize ulendo umodzi, ndiye dzino lake bwenzi likumveka pafupipafupi. Phokoso ili likudikira wilo.

Wamagetsi:
Pokhapokha litakhala giya lalikulu la pa ekiselo, mtanda wolumikiza mawilo awiri uja. Koma chabwino, ndakumvani.

Madala opuma ntchito:
Mwanawe, mabushi satha tsiku limodzi. Amayamba ndi kaphokoso kakang'ono, miyezi n'kumapita, inu n'kumangoti tidzaona. Chinthu chimene dzana kunalibe, lero chilipo, ndiye kuti china chasuntha. Kawafunseni adalaivalawo funso limodzi: pamene mawilo amaterereka, anayamba atseka mphamvu, kapena anathira mchenga mawilo ali chizungulire?

Fita wa usiku:
Ndawafunsa. Ayamba akanda kumutu. Akuti anathira mchenga asanatseke, sitima inachita kudzuka.

Madala opuma ntchito:
Basi, kaoneni makiranki. Ndifotokoze pang'ono kuti achinyamata amve, chifukwa vutoli linabadwa pamodzi ndi sitimayo. Class 08 ili ndi maekiselo atatu koma mota ziwiri zokha. Chimene chimapangitsa kuti mawilo onse 6 akoke limodzi ndi ndodo za m'mbalizo, monga zinalili pa sitima za malasha. Felemu yake ili kunja kwa mawilo, choncho ndodo sizigwira wilo lenilenilo, zimagwira kiranki, kamkono kachitsulo komangidwa kumapeto kwa ekiselo. Makiranki a mbali imodzi amasiyana ndi a mbali inayo ndi madigiri 90, kuti ndodo za kuno zikafika pomwe sizingakankhe, za uko zikhale zikukankha.

Tsono taganizani mawilo akuzungulira mwaulere pa njanji yonyowa, mota zili liwiro, kenaka wilo limodzi laponda mchenga n'kugwira mwadzidzidzi. Enawo akufunabe kuthamanga. Nkhondo yonseyo imathera m'ndodo ndi pa kiranki. Mwina ndodo ipinda, mwina kiranki atembenuka pang'ono pa ekiselo yake. Akasuntha ngakhale pang'ono chabe, ndodo zimakhala zikukokana pamalo amodzimodzi nthawi iliyonse wilo likazungulira. Kutsimphina mukunenako n'kumeneko.

Wophunzira ntchito:
Pepani madala, ndifunse nawo. Bwanji sanangoika mota zitatu n'kusiya zandodozi? Zikuoneka zachikale.

Madala opuma ntchito:
N'zachikale ndithu, koma musazipeputse. Kapangidweka kanachokera ku kampani ya njanji ya ku Britain yotchedwa LMS, yomwe inayamba kuyesa mashanta adizilo m'zaka za m'ma 1930 pamodzi ndi kampani yopanga makina ya English Electric. British Railways inatenga zomwezo, n'kuyamba kupanga izi mu 1952 mpaka 1962. Zinapangidwa 996, m'mafakitale a ku England a ku Derby, Crewe, Darlington, Doncaster ndi Horwich. Anthu amene anazijambula anakulira pa sitima za malasha, ndodo anali kuzidziwa ngati zala zawo. Ndipo pa ntchito yosanja mabogi ndodo zimathandiza, chifukwa ekiselo imodzi singaterereke yokha, onse amagwirizana.

Injini yake ndi ya mphamvu ya mahatchi 350 okha, malole ena akuluakulu amaposa pamenepo. Koma imayendetsa jenereta, jenereta ipatsa mota, mota zidutsa m'magiya otsitsa liwiro kawiri, pamwamba pake pali kulemera kwa matani pafupifupi 50 kopanikiza mawilo pa njanji. N'chifukwa chake imadzutsa mzere wa mabogi umene simungakhulupirire, koma liwiro lake n'kuthera pa mamailosi 15 kapena 20 pa ola. Atafuna yothamangirapo anasintha magiya, n'kutuluka Class 09. Atafuna yamphamvu zoposa pabwalo losanjira mabogi la Tinsley, ku Sheffield, anangomanga ziwiri pamodzi mu 1965, ina n'kuichotsa kabu, n'kuitcha Class 13. Ndasochera, tibwerere kwa mnzathuyu.

Kapitawo wa shedi ina:
Madala anena zoona. Chitani chonchi achimwene. Pukutani girizi yense kumaso kwa kiranki aliyense, onse 6, muone pamene wakumana ndi ekiselo. Muyang'ane penti yong'ambika mozungulira, kapena kafumbi kofiira ngati dzimbiri kotuluka pamalumikizidwepo. Kiyi, kachitsulo kogwira kiranki kuti asatembenuke pa ekiselo, nayenso mumuone ngati sanadyeke. Mukatero iyendetseni pang'onopang'ono, mamita ochepa okha, munthu akuyenda pambali, kenaka mugwire mabushi ndi kuseri kwa dzanja. Limene likulimbana limafunda.

Fita wa usiku:
Ndabwerako. Wakumbuyo, mbali yakumanzere. Penti yang'ambika mzere wozungulira, kafumbi kofiira kali mbwee, ndipo kiyi waoneka kuti watafunidwa. Bushi la pamenepo latentha pomwe anzake ali zii. Ndikanataya ndalama za mabushi ine.

Wamagetsi:
Ndiye mota zanga zapulumuka. Komabe muone maburashi ake opatsira magetsi m'motamo, zinathamanga mopyola muyeso dzulo lija.

Fita wa usiku:
Vuto lina ndi ili. Kuno tilibe zida zokonzera kiranki. Abwana akuti tingoimangirira kumbuyo kwa sitima ya katundu mawa, ipite ku shedi yaikulu.

Kapitawo wa shedi ina:
Ayi, ayi. Auzeni mwaulemu koma musagonje. Mawilo akamakokedwa, magiya aja amagwira ntchito chobwerera, mota n'kumazungulira kuposa mmene zinapangidwira, mpaka kumwazika mkati. Ndiye onjezani kiranki wosuntha, mufika ndodo zitapinda. Kuti ikokedwe mtunda wautali pamafunika kuchotsa ndodo ndi kulekanitsa mota ndi magiya, ndipo ngakhale pamenepo imapita pang'onopang'ono. Ambiri masiku ano amangoikweza pa lole yonyamula zolemera.

Madala opuma ntchito:
Ndodozo mukachotsa, muzilembe ndi choko kuti iyi ndi ya kuti, ndipo muziyeze ngati zili zowongoka musanazibwezere. Makiranki enawo akawayezenso, kawirikawiri mnzake wa tsidya linalo amakhala atalawako. Adalaivala aja musawakalipire pagulu, aitanireni pambali muwaonetse kiyiyo.

Fita wa usiku:
Zikomo madala, zikomo nonse. Ndaiika chikwangwani choti isasunthe, mawilo ndatchinga. Abwana ndawatumizira chithunzi cha kiyi, ayankha kuti ndifunse mtengo wa lole.