Timamita ta madzi otenthetsa pansi tikusweka, pulasitiki yolimba ndi iti?

Membala wosatchula dzina: Abale anga, mutu waima. Nyumba imene ndimayang'anira ili ndi mapaipi a madzi otentha pansi pa simenti, otenthetsa zipinda nyengo yozizira. Pa manifold, pamene madzi amagawikira kupita m'mapaipi a zipinda, pali timamita 6, tija toonekera mkati tokhala ndi kachizindikiro kofiira kosonyeza malita pa mphindi. Tiwiri tachita ming'alu, kamodzi kakudontha, totsalato tada bii moti manambala sakuoneka. Mmisiri amene anaika zimenezi foni sayankha, koma ndalama analandira zonse. Eni nyumba akundiimbira mpaka usiku ngati ndinatiswa ndine, chonsecho miyezi yonseyi akhala akukana kuitana munthu wodzayendera boila. Alamu anga amene anandipezera ntchitoyi akuti ndawachititsa manyazi, akazi anga nawo sakundilankhula bwino. Funso langa: pulasitiki yoonekera imene imapirira kutentha ndi iti? Wina wandiuza polycarbonate.

Bambo a Dalitso: PULASITIKI NDI PULASITIKI BASI. Ikani galasi la borosilicate ndi mkuwa, nkhani yatha. Makampani amatiikira zapulasitiki dala kuti tizigulagula.

Wamapaipi: Achimwene, pepani ndi mavutowo, koma chofunika simunanene. Madzi akulowa pa manifold ali pa madigiri angati? A pansi amayenda pakati pa 35 ndi 45, ndipo kutentha kumeneko sikungaswe kamita. Koma valavu yosakaniza ikafa, madzi a boila a 70 kapena 80 amalowa osazizira. Komanso m'mapaipimo muli madzi okhaokha kapena munathira glycol, mankhwala oletsa madzi kuundana?

Mayi a Tadala: Ine zinandionekera zimenezi. Timamita tinada chonchi, kenako pampu inayamba kulira mpaka inafa pakati pa nyengo yozizira, mwana ali ndi chifuwa. Atatsegula anapeza matope akuda okhaokha. Mapaipi amene anatiikira analibe chotchinga mpweya, ndiye mpweya umalowa, zitsulo n'kumachita dzimbiri mkati. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandipweteka.

Bambo a Dalitso: Mwamva? Mapaipi apulasitikinso amenewo.

Nachisale: Bambo a Dalitso, mapaipi apulasitiki a PEX okhala ndi chotchinga mpweya cha EVOH ali m'nyumba zambirimbiri ndipo alibe vuto, musasokoneze anthu. Achimwene, polycarbonate musagule. Papepala imaoneka yamphamvu chifukwa imayamba kufewa cha pa madigiri 147, koma madzi opitirira 60 akakhala nayo nthawi yaitali amaidya pang'onopang'ono mpaka imasweka mosavuta. Acrylic ndiye imafewa cha pa 105, si ya ntchito imeneyi. Imene imagwirizana ndi madzi otentha ndi polysulfone, ya maonekedwe achikasu ngati uchi, imene imafika cha pa 185. PPSU, pulasitiki ina ya mtundu womwewo, imaposa apo, 220. Palinso nayiloni yoonekera, Grilamid TR ya kampani ya EMS ku Switzerland, imene opanga timamita amaigwiritsa ntchito. Koma zonsezi zili ndi adani ake. Polysulfone ikakhudzana ndi acetone kapena thinazi imachita timing'alu ting'onoting'ono, makamaka pamene yamangidwa mothina. Mankhwala ena omatira mazinga a paipi amachitanso chimodzimodzi.

Bambo a Dalitso: Ndiye mwavomereza nokha kuti imasweka! Galasi thinazi silimuopa. Ine ntchito imeneyi ndinaiyamba ena a inu musanabadwe.

Nachisale: Galasi silimuopa thinazi, inde, koma ligundeni ndi sipanala muone. Ndipo galasi lokwana pa manifold yawoyo alipeza kuti? Mazinga amasiyana kampani ndi kampani.

Chikondi wa Mbuye: Achimwene valani masokosi awiri, nyengo yotentha ifika pompano 😂

Agogo a Mphatso: Ana inu mumavomera ntchito imene simuidziwa. M'mapaipimo muli madzi otentha opanikizika, mukamasula kamita osatseka mavalavu mudzapsa kumaso. Itanani wodziwa.

Membala wosatchula dzina: Agogo, ine sindine mmisiri, ndimangoyang'anira. Ndipo anthu obwera m'nyumbamu ndi ambiri. Opaka penti anabwera mwezi watha anadonthezera penti paliponse, pa manifold pomwe, n'kupukutapukuta ndi chinsanza chawo chonunkha, zitini n'kuzisiya m'khonde kuti ndichotse ine. Eni nyumba za amenewo sanenapo kanthu. Ndiye ndigule polysulfone kapena galasi?

Bambo a Dalitso: GALASI.

Mayi a Tadala: Opaka penti ndi choncho onse. Athu anathyola chitseko cha kabati n'kukana.

Wamapaipi: Dikirani kaye. Chinsanza chonunkhacho chinali ndi chiyani? Ming'aluyo munaiona asanabwere kapena atachoka? Yang'anani ngati timamita tosweka ndi tomwe panagwera penti. Ndipo musagule pulasitiki, gulani kamita kathunthu ka kampani yomweyo, dzina lili pa manifold. Pomanga gwirani pansi pa mkuwa, kachubu koonekerako musakagwire ndi pulayala, kamatembenuzidwa ndi zala basi.

Nachisale: Kudako ndi nkhani ina, mapaipi atsukidwe, apo ayi tatsopanoto tidanso. Popukuta kunja, madzi a sopo okha.

Bambo a Dalitso: Sopo! Makina amene amaopa chinsanza ndi makina amenewo? Nachisale mumagulitsa zapulasitiki eti?

Nachisale: Sindigulitsa kanthu bambo, ndangowerenga mapepala a opanga. Inunso mutha kuwerenga.

Wamapaipi: Achimwene, kakudonthako katsekeni mbali zonse ziwiri lero lomwe, boila ingatsike mphamvu ya madzi pansi pa 1 bar n'kuzima. Ndipo madigiri aja simunandiyankhebe. Pa manifold pali kawotchi kosonyeza kutentha, jambulani mutumize pano.