Phulusa m'phala, chiboo pakhoma ndi mkanda wa siliva: zikutanthauzanji m'buku la ku chipululu cha Anavajo?

Wakukapata:
Abale, gulu lathu lowerenga mabuku kuno ku Chipata lili pa buku la nthano yochitikira m'chipululu cha ku Arizona, kwa Anavajo. Zinthu zitatu zatiimitsa. Mayi wina akuthira phulusa m'phala. Banja lina lathawa nyumba yabwinobwino litaboola khoma. Agogo ena asiya mkanda wawo wa siliva kusitolo, koma sanaugulitse. Wolemba sakufotokoza chilichonse. Odziwa tithandizeni, ndipo ngati phalalo lingaphikike kuno, tipatseni miyeso.

Mayi a ku Katete:
Za phulusa musadabwe nazo atate, ndi nzeru yomwe ija ya chidulo chathu cha mu delele. Anavajo, amene eni ake amadzitchula kuti Diné, amalima chimanga cha maso abuluu. Amatentha nthambi za mtengo wa juniper mpaka phulusa liyere, n'kulisefa. Phulusalo limafewetsa gaga, limawonjezera calcium, komanso limamasula vitamini wotchedwa niacin amene thupi limavutika kum'peza m'chimanga wamba. Limakometsanso mtundu: popanda ilo phala limaoneka lotuwa, likalowa limachita buluu weniweni.

Miyeso ndi iyi: kapu imodzi ya ufa wokazinga pang'ono, makapu atatu kapena anayi a madzi, ndi kasupuni kamodzi ka tiyi ka phulusa losefa. Wiritsani makapu awiri a madzi pamodzi ndi phulusalo. Ufa muyambe mwausungunula m'madzi ozizira otsalawo, ndiye muthire pang'onopang'ono mukutakasa. Mukauthira wouma pa madzi owira mupeza mibulu yokhayokha. Moto ukhale wochepa kwa mphindi 15 kapena 20. Phulusa likachuluka phala limawawa ndipo limanunkha ngati sopo.

Kuno juniper simum'peza, ndiye tengani mgaiwa ndi chidulo cha zitsononkho, masupuni awiri okha. Kakomedwe kafanana pang'ono koma mtundu sutuluka, phala lingochita chikasu. Chonde musatape phulusa la pa mbaula yomwe munayatsira ndi pulasitiki kapena palafini.

Muonenso chimene mayiyo akutakasira. Si mthiko, ndi timitengo tingapo tomangidwa pamodzi, ndipo nthawi zambiri mwana wamkazi amatilandira kwa mayi ake. Wolemba akatitchula, akukuuzani za mzere wa amayi m'banjamo.

Mphunzitsi Wopuma, Chadiza:
Nyumbayo ndi hogan. Imamangidwa ndi mitengo yogonekedwa, yomatidwa dothi, yambali 6 kapena 8, ndipo pamwamba pali chiboo chotulukira utsi. Khomo limayang'ana kummawa nthawi zonse. Wolowa amakhotera kumanzere n'kuzungulira moto monga momwe dzuwa limayendera.

Munthu akamwalirira m'kati, mwambo wakale umati nyumbayo yatha. Amaboola khoma la kumpoto, kutulutsira mtembo pamenepo, n'kuisiya osadzagonamonso kapena kutengapo mitengo yake. N'chifukwa chake wodwala kwambiri ankamutulutsa panja asanatsirizike. Ndiye munthu wa m'bukumo akaona chiboo kumpoto n'kubwerera, si mantha wamba, wawerenga kuti pamenepo panagwa maliro. Dzina la womwalira salitchulatchulanso. Kwathu kuno timasonkhana mudzi wonse n'kugona pa siwa, koma kwa iwo maliro akale ankayendetsedwa ndi anthu ochepa kwambiri. Musaone ngati sakonda abale awo.

Pamene tikufanana nawo ndi pa ukwati. Mwana amakhala wa mtundu wa mayi ake, ndipo mwamuna ankakakhala kwa mkazi monga chikamwini chathu. Mkamwini ankapewa kuyang'anizana ndi apongozi ake aakazi. Podzidziwitsa munthu amatchula mitundu inayi: wa mayi, wa bambo, wa agogo aamuna akuchikazi ndi wa agogo aamuna akuchimuna. Mukaona anthu awiri akutha tsamba lonse akufunsana zimenezi, akufufuza ubale, chifukwa a mtundu umodzi sakwatirana.

Wazamalonda wa pa Mwami:
Mkandawo ndi chikole. Kale ndalama zinkabwera kawiri pa chaka, pometa nkhosa ndi pogulitsa ana a nkhosa. Pakati apo banja linkatenga ufa wa tirigu, khofi ndi shuga pa ngongole kusitolo ya m'chipululu, monga ya Hubbell ku Ganado imene ilipo kuyambira 1878, n'kusiya mkanda kapena lamba wa siliva ndi miyala yabuluu ya turquoise. Mwini sitolo ankamangirira kapepala ka dzina ndi ngongole. Ubweya ukagulitsidwa ankakawombola. Nthawi ikapitirira osawombola, katunduyo ankagulitsidwa kwa alendo. Choncho agogo amene khosi lawo lili lopanda kanthu pa mwambo waukulu, dziwani kuti chaka chawavuta.

Mayi a ku Katete:
Ndiwonjezeko za ufa wa tirigu umenewo, chifukwa buledi wokazinga sangasowe m'buku lotere. Chiyambi chake n'chowawa. Mu 1864 asilikali a America anayendetsa Anavajo wapansi mpaka ku Bosque Redondo ku New Mexico, ndipo anabwerera kwawo mu 1868 atasaina pangano. Ku Bosque Redondoko, komwe ankawasunga ngati akaidi, ankalandira ufa wa tirigu, mchere ndi mafuta a nkhumba, zakudya zomwe sanazizolowere.

Kaphikidwe: makapu anayi a ufa, supuni yaikulu imodzi ya baking powder, kasupuni ka mchere, kapu imodzi ndi theka ya madzi ofunda. Kandani pang'ono chabe, vundikirani kwa mphindi 30. Papasani ndi manja mpaka akule ngati mbale yodyera, ndipo mubooleko kachiboo pakati kuti asafufume ngati chitumbuwa. Saladi ikapanda kutentha bwino buledi amamwa mafuta, ikatentha kwambiri amapserera kunja m'kati muli mwauwisi. Ponyanimo kachidutswa kaye: kakayandama pompo, yakwana. Amadyera msuzi wa nyama ya nkhosa.

Wakukapata:
Zikomo kwambiri akuluakulu. Tayang'ananso tsamba lija la nyumba, ndipo chiboocho chilidi kumpoto. Loweruka tiyesa phala ndi chidulo.