Dipi yakale ija: tiikonze, kapena tiyambe ndi katemera wa chigodola?

Wapampando: Moni nonse, a kumudzi kwathu ku Mchinji ndi inu muli kunja. Mafumu apempha kuti ndalama tasonkha chaka chino zikonze dipi yakale ya kumunsi kwa dambo ija, poti dzinja lapitali chigodola, nthenda yobwera ndi nkhupakupa, chagwetsa mathole ndi ng'ombe zapangolo. Tisanavomere, odziwa atiunikire.

Mmisiri (ku Joni): Zikomo a wapampando. Pa zithunzi zimene zatumizidwa muno, khoma la kudzanja lamanja lang'aluka kuchokera pamwamba mpaka pansi. Kumata simenti pamwamba pa mng'alu wotero n'kutaya ndalama. Pamafunika kuchotsa matope onse, kugoba mng'aluwo kuti ukule, kuutsuka, kenaka kumata ndi simenti gawo limodzi ku magawo atatu a mchenga wa kumtsinje, wosakaniza ndi mankhwala oletsa kudontha. Mukatha mudzaze madzi okhaokha, muike chizindikiro pa khoma, mudikire sabata. Madzi akatsika, musathiremo mankhwala. Zina zofunika: denga la malata kuti mvula isasungunule mankhwala, kadziwe kotsukira mapazi polowera, ndi khola loimapo ng'ombe zikatuluka, lotsetsereka kuti madzi odontha m'thupi abwerere m'dipi kudzera m'kadzenje kotsekereza matope ndi ndowe.

Mlangizi wa ziweto wopuma: Achimwene mwalongosola bwino, koma madipi ambiri m'dziko muno sanafe chifukwa cha ming'alu. Ming'alu inabwera madipi atafa kale. Kale mankhwala ankagula ndi boma ndipo kusambitsa ng'ombe kunali lamulo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 boma linayamba kusiyira alimi udindowu, makomiti n'kulephera kutolera ndalama, dipi n'kuuma. Tiwerengere limodzi. Madipi a mtundu umenewu ambiri amalowa malita pafupifupi 15,000. Mankhwala a amitraz a 12.5% amasakanizidwa mamililita 2 pa lita imodzi ya madzi. Ndiye kuti tsiku loyamba lokhalo, ng'ombe isanalowe ngakhale imodzi, pafunika malita 30 a mankhwala. Ng'ombe iliyonse imatuluka ndi malita awiri kapena atatu m'bweya, ndipo powonjezera madzi mankhwala ake amakhala okwererapo, molingana ndi zolembedwa pa chigubu. Amitraz amathanso mphamvu m'madzi a ndowe ndi mikodzo ngati mulibe laimu.

Msungichuma: Bambo mlangizi andilankhulira. Mankhwala onsewa ndi ochokera kunja. Kwacha itagwa ndi 44% mu Novembala 2023 mitengo inalumpha, ndipo ndalama zakunja zikasowa, mankhwala amasowanso m'masitolo. Thumba lathu lingakwanitse simenti, malata ndi kudzaza koyamba. Kudzaza kwachiwiri alipira ndani? Funso langa ndi limenelo basi.

Mnyamata wa ku Lilongwe: Pepani akuluakulu, koma bwanji tikusenza katundu wa boma? Dipi ija inamangidwa ndi boma. Ndalama zambiri za unduna wa zamalimidwe zimathera ku feteleza wotsika mtengo, ziweto n'kumangotola nyenyeswa. Mlangizi wa ziweto mmodzi akuyang'anira dera loti njinga yakapalasa singalimalize pa tsiku. Ife tikakonza, iwo aziti zinthu zili bwino.

Mayi wodziwa za makhonsolo: Mchimwene wanga, kudandaula kwako n'koona, koma pali njira yake. Chiyambire ndondomeko ya mphamvu ku anthu mu 1998, ntchito ngati imeneyi imadutsa ku khonsolo. Mafumu ndi eni ng'ombe akaitule ku VDC (komiti ya chitukuko ya m'mudzi), ilembedwe m'maminitsi, ipite ku ADC (komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu), kuti ilowe m'ndondomeko ya chitukuko cha boma lathu la Mchinji. Ikakhala m'menemo ndi pomwe ingapemphedwere ndalama za CDF (thumba la chitukuko cha dera la phungu) kapena za thumba la chitukuko la khonsolo. Ntchito yongotchulidwa pa maliro kapena pa msonkhano wa ndale siipatsidwa ndalama. Chinanso: dipi ndi katundu wa boma, tisaikhudze popanda kalata yochokera ku ofesi ya zaulimi. Mawa wina adzati tinaononga.

Mlimi wa ng'ombe zamkaka: Ine ndikuona kuti tayamba ndi dipi pomwe mdani wathu ali ndi dzina. Chigodola chimayamba ndi kachirombo kotchedwa Theileria parva, kamene kamanyamulidwa ndi nkhupakupa zofiirira zija zimaunjikana m'makutu. Ndipo chili ndi katemera, wopangidwa konkuno ku Lilongwe, ku Centre for Ticks and Tick-Borne Diseases. Ng'ombe imabayidwa kachiromboko kamoyo pafupi ndi khutu, nthawi yomweyo n'kubayidwanso jakisoni wofooketsa kachiromboko, wa oxytetracycline wokhalitsa m'thupi, molingana ndi kulemera kwake. Imadwala pang'ono osaonekera, n'kukhala yotetezeka moyo wake wonse. Kamodzi kokha. Thole la mwezi umodzi likhoza kubayidwa. Chovuta n'chakuti katemerayu amasungidwa mu nayitirojeni wamadzi, ndipo kachubu kamodzi n'ka ng'ombe 40. Akakasungunula kamayenera kutha m'maola ochepa, kali pa ayezi. Ndiye mlimi wa mathole awiri sangamuitanitse yekha. Gulu ngati lathu ndi limene lingasonkhanitse mathole 40 malo amodzi, tsiku limodzi, n'kulipira mafuta a dokotala.

Amalume a kumudzi: Katemera sindikumukana, koma inu a m'tauni musanyoze dipi. Ng'ombe ikadumphira m'dipi imamira yonse, makutu, kunsi kwa mchira, m'mphechepeche, pakati pa ziboda. Kupopera ndi sipuleya kumene ena amati kulowe m'malo mwa dipi timakuona: mnyamata amapopera pamsana ngati akuthirira fodya, lita imodzi ng'ombe zitatu, makutu osawakhudza n'komwe.

Mlangizi wa ziweto wopuma: Amalume akunena zoona, ndipo masamu ali mbali yawo ng'ombe zikachuluka. Kuti ng'ombe yaikulu inyowe bwino ndi sipuleya pafunika malita osachepera 5. Tiyerekeze kuti m'midzi yathu muli ng'ombe 400. Ndi malita 2,000 a madzi pa sabata, zigubu 100 za malita 20, ndi malita 4 a mankhwala. Madzi amenewo mukawatunga pa mjigo, amayi akuthamangitsani. Ndipo pa mphindi zisanu ng'ombe iliyonse, sipuleya imodzi igwira ntchito maola oposa 30. Dipi yodzaza kale imamaliza ng'ombe zomwezo m'mawa umodzi, ndi mankhwala ocheperapo. Koma ng'ombe zobwera zikakhala 80 zokha, malita 30 aja angokhala m'madzi n'kumafooka. Choncho tisanakangane, ng'ombe ziwerengedwe, ndipo ziwerengedwe zokhazo zimene eni ake avomera kulipira.

Ndionjezere za katemera, kuopa kuti anthu angamve molakwa. Amateteza ku chigodola chokha. Nkhupakupa zimabweretsanso matenda a ndulu, okodza magazi, ndi aja ng'ombe imazungulirazungulira n'kugwa, madzi atadzaza pa mtima. Zimaononganso mawere ndi zikopa. Wobayitsa asaleke kusambitsa, angochepetsa. Nkhupakupa za m'makutu zikuluzikulu zimachuluka kuyambira Disembala mpaka Marichi, ndipo zimayamba kupatsira matenda zikayamwa masiku angapo, n'chifukwa chake m'dzinja timasambitsa sabata iliyonse. M'chilimwe ng'ombe zachikuda sizifuna zimenezo. Kuzisambitsa mopyola muyeso kumazimana chitetezo chimene mathole amapeza akalumidwa ndi nkhupakupa zochepa ali aang'ono, ndipo tsiku limene mankhwala adzasowe zimagwa ngati zachizungu.

Mnyamata wa ku Lilongwe: Nanga zoti mankhwala a masiku ano sakupha nkhupakupa?

Mlangizi wa ziweto wopuma: Kawirikawiri ndi ife. Kuyeza ndi chitsekerero cha botolo m'malo mwa sirinji, kuchepetsa dala kuti botolo lifike mwezi wamawa, kapena kupopera ng'ombe mankhwala a m'munda. Nkhupakupa zopulumuka zimaswa zinzake zosamva mankhwala. Sipuleya ya malita 16 imafuna mamililita 32 a amitraz uja, osati "pang'ono". Posintha mankhwala musamaone dzina la pa botolo, muziona chimene chili m'kati. Mabotolo awiri a maina osiyana akhoza kukhala amitraz yemweyo. Pa dipi, kukula kwake musangokuyerekeza: dzazani ndi mgolo wa malita 200, muziwerenga, muzilemba pa ndodo yoyezera. Ng'ombe zimwe madzi zisanalowe, chifukwa yaludzu imamwa dipi. Abulu asayandikire amitraz, amawapweteka. Madzi akale potaya akumbiridwe dzenje lotchinga, kutali ndi mjigo ndi dambo, ndipo apa dipi yathu ili pamalo ondidetsa nkhawa.

Mayi wodziwa za makhonsolo: Wina wandifunsa kumbali ngati dipi ingaletse matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi. Ayi ndithu. Amenewo safuna nkhupakupa, amayenda ndi malovu, ndi ng'ombe zokhudzana, ngakhale ndi nsapato ndi matayala. Dipi ndi pomwe angafalikire msanga poti makola onse amakumana. Boma likaletsa kuyenda kwa ziweto, monga limachitira kawirikawiri ku Chikwawa ndi Nsanje, dipi nayo itsekedwe. Katemera wake ndi wa boma, sitingagule tokha. Ife tili m'malire, ng'ombe zimadutsa njira zachidule kuchokera mbali ya Chipata. Lamulo la komiti likhale lakuti ng'ombe yachilendo yopanda chiphaso cha alangizi isalowe, ngakhale mwini wake ndi mfumu.

Mlimi wa ng'ombe zamkaka: Pa ndalama zomwezo tigulenso mathemometa angapo. Ng'ombe yabwino imatentha madigiri 38 mpaka 39. Ikafika 40 kapena 41, mwanabere wa kunsi kwa khutu kapena wa kutsogolo kwa phewa atatupa, itanani alangizi tsiku lomwelo. Jakisoni wa buparvaquone amachiza akabayidwa msanga. Ikayamba kupuma movutika, thovu lili m'mphuno, mapapo adzaza kale madzi ndipo jakisoni wodulayo mungomutaya. Alangizi atengenso magazi ndi madzi a mwanabere pa kagalasi, zipite ku labotale ya ziweto ku Lilongwe. Tonse tikuti chigodola, koma palibe amene watiuza muno kuti zinayezedwa.

Msungichuma: Maganizo anga ndi awa. Chaka chino timange kampanda kopanikizira ng'ombe, ka mitengo ya bulugamu yothira mankhwala a chiswe, pansi pa konkire. Kameneka kagwira ntchito pobaya katemera, popopera, ngakhale dipi ikadzakonzedwa. Tilipireko gawo la katemera wa mathole, mwini thole alipire gawo lotsalalo. Za dipi zipite ku VDC, ife tidzathandize denga ndi kudzaza koyamba eni ng'ombe akadzaonetsa buku la akaunti muli ndalama za mankhwala a dzinja lathunthu, osainira atatu, mmodzi akhale mayi.

Amalume a kumudzi: Mawu amenewo mukawanene nokha pamaso pa mafumu, chifukwa iwo apempha dipi, sanapemphe mpanda. Ndiponso kuwerenga ng'ombe musakuyese kophweka. Munthu akamva kuti azilipira pa ng'ombe iliyonse, khola la ng'ombe 12 limasanduka la 5.

Mmisiri (ku Joni): Ndiye awerengere m'khola m'mamawa zisanatsekulidwe, osati pofunsa pakhonde. Ndipo wina apite ndi tepi akandiyezere dipiyo kutalika, m'lifupi pamwamba ndi pansi, ndi kuya kwake podumphira. Ajambulenso pansi matope atachotsedwa. Pansipo pakakhala pong'aluka, mtengo umene ndinali nawo m'mutu usintha kwambiri.

Wapampando: Zamveka. Amalume atsogolere kuwerenga pamodzi ndi alangizi a kudera, mathole alembedwe padera. Miyeso ya dipi ifike muno lisanathe Loweruka. Kwa mafumu ndipita ndi msungichuma, amalume mutiperekeze.

Amalume a kumudzi: Ndikuperekezani, koma ine ndikakhala mbali ya dipi.