Mankhwala oletsa magazi kuundana pochiza mtsempha wa mtima

Mayi wa ku Ndirande:
Bambo anga atatsekeka mtsempha wa mtima, madokotala anawalowetsa kachubu pamkono n'kuwaika stent, kachipangizo ka timawaya kothandiza kuti mtsemphawo ukhale wotseguka. Ndikufuna kumvetsa chifukwa chake anawapatsa heparin nthawi imeneyo, komanso ngati angasiye aspirin ndi clopidogrel, popeza akamatsuka mano m'kamwa mukutuluka magazi.

Namwino wa ku Chilomoni:
Pepani mayi ndi matendawa. Magazi akakhudzana ndi kachubu kapena waya amafulumira kuundana, n'chifukwa chake heparin, yemwe ndi mankhwala oletsa magazi kuundana, amaperekedwa kudzera mumtsempha pamene madokotala akugwira ntchitoyo, ndipo mphamvu yake imatha pakapita maola ochepa. Aspirin ndi clopidogrel ntchito yake ndi yoteteza stent kuti isatsekeke, ndipo kawirikawiri amamwedwa pamodzi kwa miyezi 12. Chonde asasiye okha, chifukwa stent ikatsekeka mwadzidzidzi moyo umakhala pachiswe.

Bambo wa ku Bangwe:
Ndiwonjezereko pang'ono. Amalume anga ankagula brufen pagolosale chifukwa cha msana osauza adokotala, mpaka chimbudzi chawo chinada ngati makala, kusonyeza kuti m'mimba mukutuluka magazi. Mukaona zotere, thamangirani nawo kuchipatala tsiku lomwelo.

Namwino wa ku Chilomoni:
Za m'kamwazo akawauze adokotala, ndipo pakadali pano azigwiritsa ntchito mswachi wofewa.