Gemu ya m'chisanu ija ikundiyambanitsa ndi makasitomala

aPhiri wa ku Kapata: Mwaswera bwanji nonse m'gulu muno. Ndili ndi vuto pa shopu yanga yoseweretsa magemu. Mlamu wanga anandibweretsera gemu ya The Long Dark kuchokera ku Lusaka, ndinayiika pa PS4 (makina osewerera magemu pa TV) imodzi mwa zitatu zanga. Anyamata akaona chithunzi cha mimbulu ndi mapiri oyera aja amayifuna kwambiri, koma akangolipira mphindi 30, sizikwana n'komwe mphindi 10 munthu wawo wafa kale. Dzulo wina anaponya padi pa benchi n'kunena kuti ndimubwezere ndalama, akuti gemu ndi yowonongeka. Ineyo ndayesa usiku nditatseka, ndafanso katatu. Sindikufuna kuyichotsa chifukwa ndikuona kuti muli kanthu, koma sindingaphunzitse mwana wa eni chinthu chimene ine mwini chikundikanika. Alipo amene anayigwirapo?

aZulu wa ku Mchini: Chotsani, achimwene. Ndikunena ngati mnzanu. Gemu ya mpira imakhala ndi anthu awiri pa TV imodzi, onse alipira, woluza achoka, wina alowa. Iyo ndi ya munthu mmodzi ndipo ilibe potha. Magetsi akabwera maola ochepa, TV iliyonse iyenera kubweretsa ndalama.

Mayi Tembo wa ku Katete: aPhiri, tisanafike pa za ndalama, tiuzeni: poyamba gemu mukusankha chiyani? Pali mbali ya nkhani, yotchedwa Wintermute, ndiye pali Survival. Mu Survival amakufunsani kuvuta kwake ndi dera loyambira.

aPhiri wa ku Kapata: Survival, amayi. Anyamata amasankha okha. Ambiri amathamangira magawo ovuta kwambiri, Interloper kapena Stalker, akuti enawo ndi a tiana. Dera amangodina lililonse.

Mayi Tembo wa ku Katete: Vuto lanu ndi lomwelo. Interloper anaikira anthu amene aseweradi miyezi, amene akudziwa kale nyumba iliyonse ili pati. Mumayamba mutavala zosakwanira, machesi osowa, mfuti mulibemo ndi imodzi yomwe. Woyamba kumene ayambe ndi Pilgrim, mmene nyama sizikuputa ngati iwe sunaziyambe, kapena Voyageur ngati akufuna mimbulu imuthamangitseko. Dera likhale Mystery Lake, osalola lina. Muli njanji yodutsa pakati, ukaitsatira umafika pa nyumba yosanja yotchedwa Camp Office, pafupi ndi nyanja youma ndi chisanu. Muli mabedi, chitofu ndi tebulo lokonzerapo zinthu. Mwana akafika pamenepo ndiye kuti tsiku loyamba wapulumuka.

Ine ndili nayo chaka chachiwiri tsopano. Poyamba inandivutanso chimodzimodzi mpaka ndinamvetsa kuti mdani wamkulu mmenemo ndi mphepo. Anaipanga ndi a Hinterland a ku Canada, inatuluka yathunthu mu 2017, ndipo nkhani yake ndi ya munthu wotsala yekha m'tchire la kumpoto kwa Canada magetsi ndi makina onse atafa. Anthu amenewo chisanu amachidziwa ngati mmene ife timadziwira dzuwa la Okutobala kuchigwa cha Luangwa. Ana athu chimene amatcha kuzizira ndi cha Juni ndi Julayi, chovala juzi imodzi n'kuothera mbaula. Ndiye akaona sinowo amangoona ngati mchenga woyera, amathamangamo ngati ali pa bwalo la mpira.

aBanda wa ku Petauke: Amayi anena zoona. Ndiwonjezere za zizindikiro zinayi zili kumunsi kumanzere kwa sikirini, chifukwa gemu yonse yagona pamenepo: kutentha kwa thupi, kutopa, ludzu ndi njala. Pansi pake pali mzere wa moyo. Chimodzi mwa zinayizo chikatha n'kufiira, moyo umayamba kutsika. Koma sizipha mofanana. Kuzizira kumapha msangamsanga, ludzu limatsatira, njala imadya munthu pang'onopang'ono kwambiri moti ungathe tsiku lathunthu osadya uli moyo. Anyamata amalakwitsa apa. Amaona njala yatsikako pang'ono, n'kutuluka panja kukasaka chakudya kuli chimphepo, n'kufa ndi chisanu m'thumba muli machesi. Ine ndimawauza kuti: pogona poyamba, moto kachiwiri, madzi kachitatu, chakudya chibwere pambuyo.

aPhiri wa ku Kapata: Za motozo ndi zimene zandipha kawiri. Ndimayatsa, ukukana. Machesi anatha ndili chiimire.

aBanda wa ku Petauke: Munali panja kapena m'nyumba?

aPhiri wa ku Kapata: Panja, pambalambanda.

aBanda wa ku Petauke: Ndiye mphepo. Ikakhala yamphamvu moto suyaka, ndipo woyaka kale umazima. Pitani kuseri kwa thanthwe, kuseri kwa khoma kapena m'phanga, mudzaona kachizindikiro kosonyeza kuti mwabisala ku mphepo. Komanso poyatsa gemu imakuonetsani mwayi woti moto ugwire, mwa maperesenti. Umasintha malinga ndi zimene mwasankha: choyatsira, kanthu kolandira moto monga nyuzipepala, ndi nkhuni. Yambani ndi kamtengo kakang'ono kapena buku, chipika chachikulu muike moto utagwira kale. Mukapeza muuni, yatsani muuniwo ndi kamtengo kamodzi ka machesi, ndiye muziyesa kuyatsa moto ndi muuniwo, ukakana simutaya machesi ena. Timitengo tomwe tili mbwee pansi tolani paliponse mukuyenda, osadutsa.

Pali chinthu chinandikhudza pa shopu yanga. Mnyamata wina amabwera pa njinga kuchokera kumudzi, tsiku la msika lokha. Mpira amaluza nthawi zonse kwa anyamata a m'tauni. Tsiku limene ndinamupatsa gemu iyi, sindinamuuze zambiri. Ndinangoona akuzungulira thanthwe kufuna kumene mphepo sikufika, kenaka n'kutola nkhuni kaye dzuwa lisanalowe. Ndinamufunsa kuti wadziwa bwanji, akuti, "Ankolo, ndi mmene timachitira kuubusa." Anakhala masiku 6 a m'gemu pa ulendo woyamba. Kuyambira pamenepo ndimafotokozera ana ndi zinthu za kwathu, ndipo amamva msanga.

Mayi Tembo wa ku Katete: Madzinso ndi chimodzimodzi. Mumasungunula sinowo m'chitini kapena mumphika pa moto, ndiye muwiritse. Mukamwa osawiritsa mutha kudwala kamwazi. Ana athu zimenezi amazimva chaka chilichonse nthawi ya dzinja, ndiye sizivuta kufotokoza. Koma musasiye mphika pamoto n'kukagona, madzi amaphwa onse, nyamanso imapserera. Ndipo m'nyumba zina madzi a m'thanki ya chimbudzi gemu imawawerenga kuti ndi abwino kumwa. Ana amaseka, koma amapulumutsa tsiku loyamba.

aZulu wa ku Mchini: Zonsezi ndamva, ndipo ndi zabwino kwa wosewera. Funso langa silinayankhidwe. Mwana walipira, wasewera bwino, nthawi yatha. Mawa abwera apeza mnzake wamuphera munthu wake. Kapena magetsi athima pakati. Ndani alipira mkangano umenewo?

aPhiri wa ku Kapata: Limenelo ndi funso langanso. Ndafufuza batani loseva, sindinalipeze.

aNjobvu wa ku Lundazi: Palibe, bambo. Mu Survival gemu imaseva yokha: mukalowa m'nyumba, mukagona, ndiponso mukavulazidwa, mwachitsanzo mmbulu ukakugwirani. Ndipo mmene anaipangira poyamba, munthu wanu akafa, sevu yonse inkafufutika, panalibe kubwerera m'mbuyo. Anachita dala kuti munthu aziopa kufa.

Ine ndimachita chonchi. Aliyense amene wayamba ulendo wake, sevu timaitcha dzina lake, ndipo ndili ndi kabuku pa kauntala kolembamo dzina, tsiku ndi kumene wasiyira. Wina aliyense sagwira sevu ya mnzake. Padi ndimapereka ndine nditatsegula kale sevu yoyenera. Zikatsala mphindi 5 ndimamuuza kuti, "Iwe, lowa m'nyumba." Akalowa, kachizindikiro koseva kakaoneka, ndiye timatuluka. Masiku amene tikudziwa ola lothima magetsi, ndimawauza kuti asayambe ulendo wautali nthawi itayandikira. Akathima mwadzidzidzi, mwana amabwerera pa nyumba yomaliza imene analowa, wataya ulendo wokhawo, moyo uli bwinobwino. Koma PS4 kuzima mwadzidzidzi nthawi imene ikuseva ndi zoopsa, sevu itha kuwonongeka. Ndinagula ka UPS kakang'ono, kabokosi kosunga magetsi, chifukwa cha zimenezi, kamandipatsa mphindi zokwanira kuzimitsa bwino.

aZulu wa ku Mchini: UPS ndi ndalamanso.

aNjobvu wa ku Lundazi: Ndi ndalama, koma imateteza makina onse, mpira womwe. Munasinthapo hard drive ya PS4? Mtengo wake mukuudziwa.

Mayi Tembo wa ku Katete: aZulu akunena zomveka pa nkhani ya TV, tisawatsutse. Loweruka masana ine sindiika gemu imeneyi ngakhale andipemphe bwanji, TV zonse ndi mpira ndi ndewu. Koma Lolemba mpaka Lachinayi m'mawa, ana ali kusukulu, shopu imakhala zii. Nthawi imeneyo amabwera akuluakulu: a njinga zonyamula anthu akupumula, wina wogwira ntchito usiku, anyamata omaliza giredi 12 amene akudikira zotsatira. Amenewa ndiwo a gemu iyi. Salipira mphindi 30, amalipira ola kapena awiri, ndipo amabweranso chifukwa munthu wawo akuwadikira m'kanyumba kaja. Mphindi 30 ndi zochepa. Ukamangoyenda, tsiku limodzi la m'gemu limatenga maola ngati awiri a ife, ngakhale kugona ndi kuphika kumalifulumizitsa. Wa mphindi 30 amachoka asanaone n'komwe usiku woyamba.

Tiana tating'ono sindilola. Muli magazi, kusenda nyama, mitembo youma ndi chisanu imene umaisecha m'matumba. Makolo ena angakufunseni.

aPhiri wa ku Kapata: Za mitengo ndamva, ndiyesa ya pa ola. Nanga mimbulu? Kachitatu kaja ndinafa ndi mmbulu nditapha kalulu.

aBanda wa ku Petauke: Kaluluyo ndi amene anauitana. Nyama yaiwisi ndi matumbo zimanunkha, ndipo pamwamba pa sikirini pamaoneka timizere tosonyeza fungo. Mukanyamula zambiri, mimbulu imakutsatani kuchokera kutali. Mmbulu ukakuonani musathamange, umakupezani basi. Yendani chobwerera mukuuyang'ana, lowani m'nyumba kapena m'galimoto ngati ili pafupi. Muuni woyaka kapena flare, kandodo koyaka moto wowala kwambiri, imauopseza, ndipo pa moto woyaka sufika. Muthanso kuugwetsera kachidutswa ka nyama kuti utanganidwe nako. Ukakugwirani, dinani batani mwamphamvu mpaka uchoke, kenaka yang'anani mabala nthawi yomweyo. Magazi mangani ndi bandeji kaye, mankhwala opha tizilombo pambuyo. Bandeji mumapanga ndi nsalu, nsalu mumang'amba makatani a m'nyumba. Zovalanso zimang'ambika pa ndewuyo, ndipo chovala chong'ambika sichifunditsa, ndiye singano ndi ulusi musazisiye mukazipeza.

Chimbalangondo chokha musayese. Mukachiona, sinthani njira.

aNjobvu wa ku Lundazi: Ndiwonjezere katundu. Malire ndi makilogalamu 30. Ana amatola chilichonse, mpaka munthu akuyenda ngati wasenza thumba la chimanga, kutopa msanga, kubinya mwendo pa chitunda. Asankhe nyumba imodzi ikhale kwawo, azisiya zinthu kumeneko. Ndipo mapu osonyeza pamene uli mulibe. Umajambula wekha ndi khala lotsala pa moto, apo ayi umaloweza njanji, mtsinje ndi mapiri. Chifunga kapena chimphepo cha sinowo chikayamba, amene ali m'nyumba akhale momwemo, asoke zovala, awiritse madzi. Kudikirako ana kumawavuta kwambiri.

aPhiri wa ku Kapata: Ndabweranso patatha masiku atatu kuti ndikuuzeni. Ndinakhala usiku umodzi ndi zonse munanena, pa Voyageur, Mystery Lake. Ndinapeza njanji, ndinaitsatira, ndinafika pa Camp Office chizindikiro cha kutentha kwa thupi chitayamba kale kufiira pa sikirini. Nditayatsa chitofu n'kuona kutentha kukukwera, ndinapumira m'mwamba ngati ndine ndinali panja. Ndili pa tsiku la 9 tsopano, ndaphunziranso kuwedza m'tinyumba ta pa nyanja paja.

Ndalemba pepala m'Chinyanja ndamata pakhoma pambali pa TV, mizere isanu yokha: pogona, moto kuseri kwa mphepo, wiritsa madzi, usathamange ukaona mmbulu, lowa m'nyumba nthawi isanathe. Kabuku ka masevu ndagula. Mnyamata anaponya padi uja ndinamuitana, ndinamupatsa mphindi 20 zaulere nditakhala pambali pake. Wabwera kawiri kuyambira pamenepo, ndipo anzake atatu amaima kumbuyo kwake kumulangiza njira, mmodzi walembetsa kale dzina m'kabuku.

aZulu, Loweruka ndatsatira mawu anu, TV zonse mpira.

aZulu wa ku Mchini: Chabwino. Mundiuze pakutha kwa mwezi kuti TV imeneyo yabweretsa zingati m'mawa, tifananize ndi yanga. Zikakhala bwino ndidzabwera ndione pepala lanulo.

Mayi Tembo wa ku Katete: aPhiri, wina akakupemphani dera lina, mpatseni Mountain Town kapena Coastal Highway, nyumba n'zambiri. Forlorn Muskeg ayi, ayezi wake ndi wopyapyala, amaswekera pansi munthu n'kugwera m'madzi, zovala zonse kunyowa. Tumizani chithunzi cha pepalalo muno, ndikufuna ndikope mzere wa mmbulu uja.

aPhiri wa ku Kapata: Nditumiza madzulo ndikatseka, amayi. aNjobvu, ka UPS kanu ndi ka mphamvu yanji, ndipo kamanyamula PS4 ndi TV pamodzi?