Probox ya 1NZ ikunjenjemera ikaima, ndiyambire pati?

Mwini Probox:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Probox yanga ndi ya injini ya 1NZ-FE, ya otomatiki, yayenda makilomita 190,000. Ndikaima pa maloboti giya ili pa D imanjenjemera mpaka chiwongolero, ndipo pa chitunda ndikaponda moto imadukizadukiza. Nyali ya check engine yayaka, nthawi zina imaphethira. Petulo ikumwanso kuposa kale. Ena akuti ndigule makoyilo onse anayi, ena akuti ndi pampu ya m'thanki. Masipanala ndili nawo. Ndingaone ziti ndekha ndisanataye ndalama?

Wa Masipanala:
Achimwene, musagule kanthu kaye. Nyali ikamaphethira ndiye kuti silinda ina sikuwotcha, petulo wosapsayo akukapsera mu catalytic converter, chosefa utsi cha pa ekizosi. Mukamayendabe nayo choncho mudzaononga chinthu chodula kuposa makoyilo onse pamodzi.

Choyamba pezani silinda imene ikumisa, kutanthauza yosawotchayo. Mukaiika galimotoyo pa kompyuta yoyezera, imatulutsa nambala ya vuto: P0301 ndi silinda 1, P0302 ndi 2, mpaka P0304. Silinda 1 ndi ya kumbali kuli lamba. P0300 imatanthauza kuti kumisako sikuli pa silinda imodzi. Timakina totchipa tolumikiza ku foni timakana kuwerenga galimoto zina zochokera ku Japan, ndiye kakakana musaganize kuti mulibe vuto.

Popanda kompyuta zimathekanso. Injiniyi ili ndi koyilo yakeyake pa pulagi iliyonse. Lizani injini, muzule soketi ya koyilo imodzi kwa masekondi atatu okha, n'kubwezera. Kunjenjemera kukaonjezereka, silinda imeneyo ndi yamoyo. Imene mwazula koma kulira kwa injini osasintha ndiyo yodwala. Tsopano zimitsani, mumasule kabawuti ka 10, musinthanitse koyilo imeneyo ndi ya silinda yoyandikana nayo, muyesenso. Vuto likasamuka ndi koyilo, gulani imodzi yokhayo basi. Likatsala pomwepo, sinthanitsani mapulagi chimodzimodzi.

Mapulagi amasulidwe injini itazizira, chifukwa mutu wake ndi wa aluminiyamu ndipo mazinga ake sachedwa kutha. Bokosi sipanala yake ndi 16 yaitali. Musanamasule, uzirani mphepo m'dzenjemo kuti mchenga usagwere mu silinda. Mpata wa kunsonga ya pulagi ukhale 1.1 mm. Ukakula chifukwa cha kutha, koyilo imavutika kudumphitsa moto, n'chifukwa chake imayamba kumisa pa chitunda, ndipo pomaliza koyiloyo imapsa. Nsonga yotuwa mofiirira ili bwino. Ya mwaye wakuda wouma ndiye kuti petulo akuchuluka, yonyowa ndi oyilo ndi nkhani ina. Mapulagi ogwirizana ndi injiniyi ndi Denso SK16R11 (ya iridium) kapena K16R-U11 (yawamba). Pobwezera yambani kupota ndi zala, kenako mumange 18 Nm ndi sipanala yoyeza mphamvu yomangira, osati kuchita kukwerapo.

Amalume a Galaja:
Zimene anena anzangawa n'zoona ngati silinda ili imodzi. Koma zikapezeka kuti zonse zinayi zikusintha mofanana, kapena kompyuta yatulutsa P0171 (petulo akuchepa poyerekeza ndi mpweya), siyani makoyilo muyang'ane mpweya ndi petulo.

Ndi fumbi la misewu yathu ino, airflow sensor, sensa yoyeza mpweya wolowa mu injini, imada msanga. Ili pafupi ndi bokosi la fyuluta ya mpweya, yomangidwa ndi timasikuluwu tiwiri. M'kati mwake muli tiwaya tiwiri topyapyala. Tipopereni mankhwala ake otsukira sensa kapena otsukira zamagetsi, mudikire mphindi 10 tiume. Osatikhudza ndi nsalu kapena waya, osatsukanso ndi petulo. Fyuluta ya mpweya ikakhala yobooka chifukwa choipuntha pa tayala, sinthani, apo ayi sensa idanso sabata yomweyo.

Kenako pindani payipi yaikulu yakuda yopita ku throttle body (pamene pali kachitseko kolowetsa mpweya mu injini) muone m'makwinya mwake. Ikang'ambika, injini imakoka mpweya umene sensa sinawerenge, petulo n'kuchepa. Onaninso kapayipi ka PCV, kochokera pa chivundikiro cha pamwamba pa injini. Throttle body yokhayo imagwira mwaye m'mphepete mwa kachitseko. Pukutani ndi nsalu yonyowetsa ndi carb cleaner. Mukamaliza, injini ikhoza kulira mokwera kwa kanthawi mpaka kompyuta itazolowera. Ikatentha bwino izikhala cha pa 700 rpm ikaima.

Za pampu ndikukayika, koma osaitaya. Pampu yofooka imaonekera kwambiri pa chitunda kusiyana ndi poima. Mphamvu imene imakankhira petulo ikhale 304 mpaka 343 kPa, ndipo zimenezo n'zoyeza ndi geji, osati kumvetsera ndi khutu. Funso langa: munathirapo petulo wa m'zigubu? Petulo wa kuno amasakaniza ndi ethanol, amene amakoka madzi, ndiye wokhalitsa m'chigubu chosatseka bwino amatsokomoletsa injini ngakhale zonse zili bwino.

Mwini Probox:
Zikomo nonse. Wa m'zigubu ayi. Ndayesa zozula soketi zija, yosasintha ndi silinda 3. Nditatulutsa koyilo ndapeza mphira wake uli noninoni ndi oyilo, m'dzenje la pulagi mulinso oyilo. Kodi injini yatha?

Wa Masipanala:
Ayi, mtima m'malo. Oyilo wa pamwamba pa pulagi sachokera mu silinda, akudontha kuchokera pa gasiketi ya top cover (chivundikiro cha pamwamba pa injini), imene imauma ikakalamba. Oyiloyo amafewetsa mphira wa koyilo, moto n'kumathawira m'mbali m'malo mofika pa pulagi. Madzi a kotsukitsa galimoto amachitanso zomwezo akamapopera injini ndi payipi.

Yamwitsani oyiloyo ndi kansalu musanamasule pulagi. Chotsani makoyilo onse ndi mapayipi a pa chivundikiro, mumasule mabawuti a 10, muchotse gasiketi yakale, mupukute mpaka pouma, muike yatsopano. Silikoni musapake ponseponse. Kadontho kokha pa malo awiri pamene chivundikiro cha tcheni chikumana ndi mutu wa injini. Wochuluka amafinyikira m'kati n'kukatseka sefa ya pampu ya oyilo. Mabawuti ndi 10 Nm okha, mozungulira pang'onopang'ono, chifukwa amathyoka mosavuta. Pa koyiloyo yang'anani kamzere kakuda kapena kotuwa ngati kong'aluka. Ngati kalipo, kutsuka sikuthandiza, isintheni.

Mayi Makanika:
Ndionjezereko ziwiri. Mapulagi sinthani onse anayi, koma samalani ndi achinyengo olembedwa Denso kapena NGK: iridium weniweni nsonga yake ndi yopyapyala ngati singano, ndipo mtengo ukatsika modabwitsa muzikayika.

Silinda 3 ikapitirizabe kumisa pamene koyilo ndi pulagi zili zabwino, zatsala injekita (yopopera petulo) ndi compression (mphamvu imene silinda imapanikizira mpweya). Injekita yamoyo imamveka kuti tiki tiki mukagunditsa sikuludiraiva yaitali n'kuika khutu ku chigwiriro. Compression ya 1NZ isatsike pansi pa 1,079 kPa, ndipo masilinda asasiyane kuposa 98 kPa. Ikakhala yotsika, thirani kasupuni kamodzi ka oyilo m'dzenje la pulagi muyesenso: ikakwera ndi maring'i, ikapanda kukwera ndi mavalavu kapena gasiketi ya mutu. Kumisa kukatha koma chiwongolero chikunjenjemerabe pa D n'kumaleka pa N, pamenepo onani ma mounting, mphira zimene injini imakhalapo, makamaka ya kumbali kuli lamba.